Nyerere Zofiira ndi Mango a Amayi

Lolemba
Anandiuza ndi malemu amalume anga, aChikopa, ndili kamwana: mtengo wokhala ndi nyerere zofiira, zija zosoka masamba, zipatso zake sizilowa mphutsi. Ndakumbukira lero chifukwa aNambewe, mayi a kunyumba kuno, agamula. "Mango amphutsiwa ndatopa nawo. Owotcha njerwa abwera Lolemba kudzadula." Kudula! Mtengo wodzala amayi anga! Ndatsala ndi sabata imodzi. Nyererezo zilipo kuseri kwa nyumba, m'tchire lija tinaleka kutema kuti liphukirenso. Misuku yake yapitirira kale denga.

Lachiwiri
Zida: thumba la feteleza, chikwanje, kulimba mtima. Ndathyola chisa chimodzi mumsuku. Zandiluma: m'khosi, m'khwapa, kuseri kwa khutu, ndi kwina kosalembeka. Zimati zikaluma n'kuthirapo tsabola, mfiti zimenezi! Chisa ndachikoleka m'mango.

Lachitatu
Chisa chili mbee, mulibe ndi imodzi yomwe. Nyerere zakuda, eni mtengo, zikutsika ndi mitembo. ABwanali, oyandikana nafe, asuzumira pampanda: "Achimwene, mwatenga asilikali n'kusiya make, mfumukazi yoikira mazira. Akhalira ndani?" Anawafunsa ndani?

Lachinayi
Nzeru zina: zibwere zokha, ndi make yemwe. Chingwe kuchokera mumsuku kukafika m'mango, matumbo a nkhuku kumapeto ngati nyambo. Nkhuku yafera zimenezi. Ndakhala tsiku lonse khosi lili m'mwamba. Zadutsa zitatu. Imodzi yabwerera.

Lachisanu
Khwangwala wadya matumbo. Ndamugenda, mwala waboola ndowa ya aNambewe. Sitikuyankhulana.

Loweruka
Ndikuchokera ku Songani kogula ndowa, ndikupeza chiyani? Chingwe changa chadzaza zovala! ANambewe akuuza aBwanali pampanda kuti, "Chingwe chabwino chonchi chizingoyenda nyerere?" Msewu wa nyerere, anthu inu, ayanikapo thalauza langa la kutchalitchi!

Lamulungu
Zinadutsa ndithu, koma zambiri zinathera m'thalauza. Ndazindikira pakati pa pemphero lalitali, aliyense atatsinzina. Ndapirira mpaka pa "mutikhululukire", kenako ndatuluka chothamanga, lamba ali m'manja. Amayi a kwaya satsinzina onse, ndadziwa lero.
Basi. Adule. Amalume ananena za zipatso, za thalauza sananene. Ndatola bango limodzi lakugwa, ndadya ndili pakhonde, mphutsi ndalavula. Amayi mundikhululukire, ndinayesa.

Lolemba m'mawa
Owotcha njerwa afika awiri ndi nkhwangwa. Mmodzi wakwera kukamanga chingwe chogwetsera. Sanafike ndi panthambi yachitatu: watsika ngati thumba la chimanga, akudziwomba mbama, akuitana amake. Ndayang'ana m'mwamba. Zisa ziwiri, masamba osokedwa bwinobwino! Kani zovala zitachoka pachingwe, nyerere zinasamukira m'mango.
"Agogo, mtengo uwu ayi. Ngakhale waulere." Anyamula nkhwangwa zawo, ulendo.
Mtengo watsala. ANambewe andiyankhula tsopano: akuti mango akapsa, wokwera kukathyola ndine.