Kadiso ka Wailesi ya a Juma

Pa Dwangwa pali anthu ena amene mpaka lero akakumana nane pamwambo amayamba asuzumira pansi pa tebulo, kenaka n'kundipatsa moni. Sindiwadzudzula. Ndikufotokozerani mmene zinayendera, ndipo ndikulumbira kuti palibe chimene ndawonjezera.

Anali masiku aja matipate atangokhazikika, aliyense akutsegula bizinesi poti ndi ufulu wake. Ine ndinatsegula yanga pakhonde la golosale ina, yokonza mawailesi. Sukulu yake sindinapiteko, koma ndinali ndi sikuludiraiva ndi nkhope ya munthu wodziwa. Wailesi ya kaseti ikadwala ndinkaitsegula, kuuziramo, kusintha kalamba, basi yachira.

Tsiku lina kunabwera a Juma, bambo wa ku Ngala wogulitsa nsomba zouma, atafukata chinthu m'chitenje ngati khanda. Inali wailesi yoimba ma CD imene mphwawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Ngala yense anali atamva mbiri yake, kuti nyimbo zake zili pa kambale konyezimira, sizitembenuzidwa ndipo sizitafunidwa. Tsoka lake inali itayamba chibwibwi, woimba akungobwereza liwu limodzi, pomwe Lamulungu likudzalo mwana wawo wamkazi ankakwatiwa ndipo akuchimuna anali atalonjezedwa kuti adzaimva. Anandifunsa ngati ndinakonzapo yotere. Ndinati zambirimbiri. (Kanali koyamba kuiona ndi maso.)

Atachoka ndinaimasula. Mkati ndinapeza kadiso kagalasi, kakang'ono ngati ka usipa, ndipo pambali pake panali chizindikiro chachikasu cha nsonga zitatu, chojambulidwa kadzuwa, ndi Chingerezi chambiri. Chingerezi changa chimathera pa moni, choncho ndinaitana a Gondwe, mnzanga wa pabawo amene ankagwira za magetsi ku fakitale ya shuga ndipo anachitapo maphunziro a chitetezo pantchito.

A Gondwe anavala magalasi n'kuyamba kuphunzitsa. Anati kadisoko kamatulutsa kuwala kotchedwa laser, ndipo kumayiko kumene amapanga zinthuzi lamulo limati chipangizo chilichonse chotere chiikidwe m'gulu lake malinga ndi ukali wake, n'kumatidwa chizindikiro. Atangoyamba kufotokoza gulu loyamba, kunadutsa mayi wa zitumbuwa zamoto, ndipo maso ndi makutu anga anapita naye. Pobwerera ndinapeza a Gondwe ali pa gulu lachinayi, lomwe limawotcha khungu, kuyatsa nsalu ndi kupha diso munthu asanaphethire.

"Nanga kuwalako kuli kuti?" ndinafunsa.

"Kwa iyi sikuoneka, mdala. Apa alemba kuti ukatsegula, iyo ili yoyatsa, usayang'anemo."

Ine ndinali nditayang'anamo kale, diso lakumanja, kenaka lakumanzere kuti lisadandaule. Madzulo onsewo ndinakhalira kuyesa maso, kutsinzina limodzi n'kumawerenga zolemba pa maminibasi. Mayi wina wodikira basi anaganiza kuti ndikutsinzinira iye, ndipo zimene anandiuza sizilembedwa.

Mmawa mwake ndinakabwereka chigoba chowotcherera zitsulo, magolovesi ake omwe, n'kuvala jekete m'dzuwa la mu Okutobala. Mabatire ndinali nditachotsa, koma chinthu chosaoneka ungachikhulupirire bwanji kuti chagona? Amene sanavalepo chigoba chimenechi adziwe kuti mkati mwake masana ndi usiku n'chimodzimodzi. Ndinagwira ntchito mofufuza ngati munthu wosaka machesi mumdima. Sikuludiraiva inakhudza chinthu chofewa, ine n'kukankha pang'ono, n'kumva kuti khethe. Pochotsa chigoba, kadiso kaja kunalibe. Ndinasefa mchenga wa pakhonde ponse osakapeza. Nkhuku ya eni golosale inkayenda monyada chapafupi. Sindikuinamizira, koma kuchokera tsiku limenelo inkaona mphamba ali ku Bua.

A Gondwe atamva anagwira mutu. Anati wailesiyo ili m'gulu loyamba, lopanda choopsa bola ikhale yotseka, ndipo ukachotsa mabatire mulibe kuwala kulikonse. Chibwibwi chija linali fumbi chabe, lofunika kupukuta ndi thonje. Anati zonsezi anandiuza, ine ndili kwa zitumbuwa.

Munthu wabwino akanapita ku Ngala kukagwada. Ine ndinapitako ndi wailesi yanga ya kaseti m'thumba, waya wautali, ndi makaseti a woimba yemweyo. Ndinauza a Juma kuti yawo yachira, koma ikufuna zinthu ziwiri: tebulo lofundidwa nsalu mpaka pansi kuopa fumbi, ndi mmisiri pafupi. Pafupi pake panali pansi pa tebulopo, pomwe ndinalumikiza mobisa wailesi yanga ku masipika a yawo ndi waya uja.

Shehe atatha mapemphero, anthu atadya mpunga, a Juma anaonetsa khamu kambale kaja, n'kukaika, n'kudina. Nanenso pansi ndinadina. Nyimbo inatuluka m'masipika, amayi nthungululu. Malume a mkwati anaima pafupi ndi tebulo n'kulengeza kuti mawu oyera chonchi sanawamvepo, ndipo kaseti ndi chinthu cha anthu otsalira. Ndinangoti zikomo chamumtima, thukuta lili kamukamu.

Zinasokonekera pa perekaniperekani, akwati ali pakati pa bwalo. Wailesi yanga inayamba kutafuna kaseti. Mawu a woimba anatsika pang'onopang'ono ngati munthu akumira m'phala, kenaka zii. Ndinasolola kaseti ija matumbo ali panja, n'kuyamba kuizunguza ndi bolopeni. Ndili mkati mozunguza, nsalu inatukuka. Inali nkhope ya a Juma, chozondoka, kofia atagwirizira ndi dzanja.

Anayang'ana kaseti, anayang'ana bolopeni, anayang'ana ine.

"Amisiri, laser ija ndinu?"

"Ndine, bambo."

"Ndiye imbani. Zokamba tikamba mawa. Lero mwana wanga avine."

Anatsitsa nsalu bwinobwino ngati akufunditsa wodwala. Koma malume aja anali ataona mapazi anga, ndipo nkhani inazungulira bwalo nyimbo isanayambirenso. Palibe anakwiya. Anthu anangosiya kupempha nyimbo kwa a Juma n'kumawerama kupempha kwa ine. Mayi wina analowetsa mbale ya mpunga, ati makina asazime. Ndinaimba makaseti chogwada mpaka ukwati unatha, ndipo msana wanga unawongoka Lachinayi.

Zimene tinakamba mawa lakelo ndisiya, kungoti wailesi yanga ya kaseti inatsala ku Ngala ndipo ine ndinabwerera wapansi.

Masiku ano munthu akabwera ndi chipangizo cha chizindikiro chachikasu ndimamuuza mwaulemu kuti chimenecho n'cha amisiri a ku Lilongwe, achisiye pompo adzachitenge mawa. Akangokhota pangodya, ndimachimasula pang'ono. Kungoona basi.