Akawalala Atatu ndi Dramu ya Nyamuka

Pulani yonse inabadwira pa kabala kena ka ku Chowa, Loweruka masana, pakati pa mapaketi a mowa wa shekisheki. Beston amanena mpaka lero kuti pulani yobadwira m'masese imakula ndi miyendo yopotoka, koma tsiku limenelo iyeyo ndiye ankaombera m'manja kuposa onse.

Analipo atatu. Dingani ankadzitcha Jenerali chifukwa anagwirapo ulonda miyezi iwiri atavala yunifolomu. Eddie ankatchedwa Antena chifukwa cha makutu. Beston anali Sipana: ankakonza njinga ku Kasanda mpaka anthu anazindikira kuti njinga zawo zikumapita ndi vuto limodzi n'kubwerako ndi awiri. Ntchito inatha, ndipo mkazi wake Eva anali atanena kale kuti mwezi ukatha zinthu zili chomwecho abwerera kwawo ku Katete.

"Mvelani, maboi," anatero Jenerali, akugogoda tebulo. "Ndani amene samwa Nyamuka muno mu Kabwe?"

Panalibe. Nyamuka chinali chakumwa chopatsa mphamvu chimene amai Misozi Mvula a ku Nakoli ankapanga kuseri kwa nyumba yawo. Makondakitala ankachimwa, okumba miyala ankachimwa, ngakhale matimu a mpira ankachiitanitsa. Munthu akamwa botolo limodzi ankayenda ngati wamva kuti kwawo kwabwera katundu.

"Mailo ni Sande. Ba mai baja bazankala ku Reformed kuchoka eiti mpaka wani. Tingena, titenga dramu, titenga na buku ya resipi. Dramu tigulisa. Resipi tisegula nayo kampani. Ine manija."

"Nanga ine?" anafunsa Beston.

"Iwe sayantisti."

Beston anali asanatchedwepo sayantisti. Anayitanitsa paketi ina.

M'mawa mwake anafika ku Nakoli ndi wilibala yobwereka imene inkalira ngati nkhumba yopita kokaphedwa. Antena anaikidwa pageti kuti aziyang'ana njira yochokera kutchalitchi. Jenerali anatulutsa chitsulo chothyolera loko, anakonza mapewa, anapuma mozama, kenako Beston anakankha chitseko cha kashedi n'kupeza kuti sichinali chokhoma n'komwe.

Dramu yabuluu inalipo. Jenerali anaikumbatira kuti ayese kulemera kwake, ndipo inanyamuka mosavuta mpaka anagwa nayo chagada. Inali yopanda kanthu, yotsukidwa bwino, yonunkhira sopo.

"Bagulisa vonse," anatero Beston.

"Sakila buku."

Buku panalibe. Panali thumba la malambe, amene ku Kabwe amati mabuyu, lichero la jinja, dengu la mandimu, bwemba wokulunga m'pepala, chigubu cha uchi, miphika iwiri ikuluikulu ndi mbaula ziwiri. Ndipo pakhoma, ndi makala, amai Misozi anali atalembera mlamu wawo woiwalaiwala malangizo onse:

*Mabuyu: viika m'madzi ofunda, fikisa mpaka mbewu zitsale maliseche.*
*Jinja: pala, wiritsa mpaka mphuno iyabwe.*
*Bwemba ndi mandimu: mpaka tsaya likoke.*
*Uchi: mpaka chileke kukwiya.*
*Mchere: kachala. Sefa kawiri.*

"Jambula na foni," anatero Beston.

Foni ya Jenerali inali itazima, magetsi kunalibe chiyambire dzulo lake. Cholembera analibe. Akanatha kungoloweza mizere isanuyo n'kumapita, ndipo Beston amavomereza kuti ganizo limenelo linamudutsa m'mutu, koma linadutsa ngati minibasi yodzaza, osaima.

"Iyi resipi siyokopa," anatero iye, atagwira chibwano monga amachitira asayantisti. "Mphuno iyabwe bwanji? Tsaya likoke kufika pati? Ifunika pulakitiko."

Maso a Jenerali anawala. "Sipana, uli na mutu! Tipange pamene pano. Tichoka na dramu yozula mpaka pakamwa, na resipi mu mutu. Tili na maawazi folo."

Anakoleza mbaula. Beston anatunga madzi pampopi maulendo asanu ndi atatu. Jenerali, munthu amene kunyumba kwake sankadziwa komwe kumakhala supuni, anakhala pampando n'kuyamba kupala jinja, misozi ili chuchuchu. Madzi atafunda anathiramo malambe, Beston n'kupinda malaya, kulowetsa mikono mpaka m'zigongono, kufikisa. Ufa unasungunuka, madzi anasanduka oyera ngati mkaka. Anadabwa kuona kuti zikumukomera. Anaganiza za Eva, kuti akanamuona thukuta lili kamukamu chonchi mwina akanamasula chikwama chake cha ulendo wa ku Katete.

Mphika wa jinja utawira, awiriwo anaweramirapo.

"Yayabwa?"

"Yanga ikalibe," anatero Beston.

"Onjezela."

Anawonjezera kawiri, mpaka Jenerali anayetsemula kasanu motsatizana nalengeza kuti sayansi yavomera.

Pa mandimu anakangana. Jenerali ankati tsaya lake lakoka, Beston ankati tsaya la munthu womwa kachasu si loyezera. Analawa kapu imodzi, kenako ina, kenako ina yotsimikizira. Apa ndiye panavuta, chifukwa Nyamuka, ngakhale wosatha kupsa, ankagwira ntchito yake. Kutopa konse kunatha. Jenerali anayamba kuimba. Beston anaona makoko a jinja pansi, zinamunyansa, anatenga tsache n'kusesa.

Itafika nthawi yosefa anapeza kuti nsalu imafuna manja anayi ndipo wothira akhale wachitatu.

"Itana Antena."

"Nanga pageti?"

"Mamineti faifi chabe."

Antena anabwera akudandaula kuti dzuwa lamuwotcha. Anampatsa kapu. Anamwa, anaphethira, anagwira nsalu. Za geti sanazikumbukirenso munthu aliyense.

Anali pakati pothira uchi, Beston akutakasa ndi mthiko waukulu n'kumalawa ngati chaleka kukwiya, pamene mawu anamveka pawindo.

"Takasirani mbali imodzi, bambo. Mukabwerera m'mbuyo uchi umakhala pansi."

"Zikomo," anatero Beston, nasintha dzanja.

Anatakasa katatu asanazindikire. Atatembenuka anaona nkhope ya amai Misozi pawindo, duku lili pamutu, Baibulo lili m'khwapa. Kumbuyo kwawo, pabwalo, amai a chigwirizano okwana khumi ndi awiri anali atakhala pamabenchi mwadongosolo ngati akudikira ulaliki. Anabwera kudzayeserera nyimbo, anapeza sewero.

Antena anathamangira kuchitseko. Chinali chokhoma tsopano, ndi loko weniweni.

"Mwafika liti, amai?" anafunsa Beston ndi mawu aang'ono.

"Muli pa mandimu. Ndinati ndikuwe, koma ndinaona mwagwira bwino. Ine msana ukundivuta masiku ano."

Jenerali anayesa kuwongola kolala. "Mami, ise ndise ba boma, ba kanso. Tabwela kuchita inispekishoni."

"Chabwino, a kanso. Apolisi ndawaitana kale, akuti galimoto ilibe mafuta, abwera wapansi. Ndiye nthawi ilipo. Mwasefa kangati?"

Atatuwo anayang'anizana.

"Kamozi," anatero Beston.

"Pakhoma palembedwa chiyani?"

Anasefa kachiwiri. Kunja amai a chigwirizano anayamba nyimbo, ndipo Antena, amene anakulira m'kwaya, anapezeka akuthira besi. Atatha kusefa, amai Misozi analowetsa mabotolo pawindo, akuti poti manja alipo. Atatuwo anadzaza mabotolo onse, kutseka, kupukuta, kundandalika m'makireti.

Wapolisi anafika wapansidi, fumbi lili m'mawondo. Anatsegulitsa chitseko, anaona pansi posesedwa, miphika yotsukidwa, makireti atandandalikidwa, ndi amuna atatu ataima pamzere manja ali oyera ndi malambe. Anatulutsa kabuku.

"Bathyola chitseko?"

"Ayi, ndinaiwala kukhoma."

"Bakubelani chani?"

"Palibe."

"Baononga chani?"

Amai Misozi anayang'anayang'ana. "Palibe. Chogwirira cha mphika chija chinali chogwedera, wina wachimanga."

Beston anatsitsa mutu. M'moyo wake wonse chinali chinthu choyamba kuchikonza n'kukonzekadi.

Wapolisi anakanda m'mutu ndi cholembera. "Manje nilembe chani? Kuti bangena mu nyumba ya bene na kugwila nchito?"

"Lembani zimene anabwerera," anatero amai Misozi. "Wilibala iyo sinabwere kudzapemphera."

Unyolo unali umodzi wokha, choncho Jenerali ndi Beston anamangidwa pamodzi, Antena n'kupatsidwa wilibala kuti aikankhe yekha ngati umboni. Asananyamuke, amai Misozi anatsegula botolo limodzi, anathira pang'ono m'kapu, analawa, anazunguliza m'kamwa. Beston amalumbira kuti pa nthawi imeneyo sankaganiza za selo kapena za khoti. Maso ake anali pa kapu ija basi.

"Vili bwanji, mami?" anafunsa Jenerali, osatha kudzigwira.

"Jinja mwachulutsa."

"Nenze nakuuza!" anakuwa Beston.

"Unakamba kuti mphuno yako ikalibe!"

Anakangana njira yonse ya ku Nakoli mpaka kupolisi, atamangidwa dzanja limodzi, anthu akutuluka m'nyumba kudzaonerera. Kukhoti woweruza anavula magalasi kawiri kuti apukute misozi ya kuseka, kenako anawapatsa miyezi itatu yosesa pamsika.

Lolemba lotsatira chiweruzocho, Beston ali ndi tsache m'manja, kondakitala wina anadutsa akumwa Nyamuka, nkhope itakwinyika, mphuno ikutuluka thukuta.

"Iyi ya manje yabaya bwino, mwana!" anauza mnzake. "Ba mai baja basintha chani?"

Beston anatsamira tsache, anatulutsa chifuwa, anatsegula pakamwa kuti adzitchule. Kenako anakumbukira chifukwa chake akusesa, natseka.