Kalasi Yanga ya Pansi pa Mlambe

Lolemba

Uthenga wa a Hedi m'mawa uno: Lachisanu kukubwera mayi wa kafukufuku kudzaona mmene tikuphunzitsira ana ndi njira zatsopano. Ndipo chipinda chija atimangira a bungwe, chamalata, chasimenti, chamawindo enieni, chipita kwa mphunzitsi amene amusangalatse mlendoyo. Opikisana tilipo awiri: ine wa Sitandade 1, ndi a Jafali a Sitandade 2.

A Jafali! Munthu amene ku maphunziro aja a ku Boma ankatsitsimuka nthawi ya tiyi yokha. Ine ndinalemba zonse, mpaka nthabwala za otiphunzitsa.

Chipindacho n'changa, ndipo ndikuchifuna ndi mtima wonse. Ndatopa nawo mlambe. Mtengo wanji woyoyola masamba nthawi ya dzuwa? Mthunzi womwe ulipo ndi wa thunthu lokha, ndiye ine ndi ana anga oposa zana timaulondola mthunziwo, m'mawa mbali iyi, masana mbali iyo, bolodi pamutu. Mvula ikangodontha, sukulu yatha. Chaka chino ayi ndithu.

Pulani yanga, monga mwa buku lomwe anatipatsa:
- ana akhale m'magulu
- kalasi ikhale ndi ngodya zophunzirira
- zipangizo zikhale zopezeka m'dera mwathu
- mwana azifunsa yekha mafunso
- mphunzitsi aziyankhula pang'ono (apa pokha pali kantchito)

Ndawauza ana kuti mawa aliyense abweretse tinthu towerengera topezeka kwawo.

Lachiwiri

Abweretsa usipa.

Ine ndimayembekezera timiyala, zitsekerero za mabotolo, nthanga za bwemba. Koma mwana wa msodzi ukamuuza kuti chopezeka kwanu, ukufuna abweretse chiyani? Wouma ulipo. Wofutsa ulipo. Wina wasunga wauwisi m'thumba la yunifolomu kuchokera m'mamawa. Fungo lake, Ambuye!

Chabwino, buku likuti gwiritsa ntchito chomwe chilipo. Kuphatikiza kukuyenda bwino. Kuchotsera kukuyenda bwino mopitirira muyeso.

"Usipa usanu tikachotsapo uwiri, watsala ungati?"

"Palibe, Madamu."

Ndipo sakunama ayi, milomo ikutafuna.

Magulu ndawapatsa maina a nsomba kuti zikome: Chambo, Mcheni, Kampango, Usipa. Palibe mwana akufuna kukhala m'gulu la Usipa. A Kampango akuti m'nyanja kampango amadya usipa, ndiye akulanda anzawo mapensulo mwalamulo. Kulira ponseponse. Zokambirana za m'magulu zikuchitika m'Chiyao chothamanga, chonsecho Chiyao changa n'chogulira tomato pamsika. Ndikungomvamo mawu oti Madamu, kenako kuseka.

M'chisakasa chawo kuseri kwa ofesi, a Jafali: "A! E! I! O! U!" Ana kubwereza. "Kachiwirinso!" Ana kubwereza. Mpaka kuweruka. Akumvetsa chisoni bambowa.

Lachitatu

Tsiku la ngodya. Buku likuti zikhale zinayi: yowerengera, ya masamu, ya zachilengedwe, ndi ya kasitolo. Amene analemba bukuli mlambe sanauonepo. Ndazungulira thunthu lonse kufunafuna ngodya.

Matchati ndajambula okongola zedi. Zomatira kuofesi kulibe, ndiye ndaphika phala la ufa wa chinangwa, ndamata pa thunthu. Kuwala kwake! Ndikuthamanga kukaitana a Hedi kuti adzaone ndi maso awo ntchito ya munthu woyenera chipinda.

Pobwerera tikupeza mbuzi za m'mudzi zili m'kalasi, ana akuziombera m'manja. Zadya:
- alifabeti yonse, kufika pomwe khosi lalekeza
- manambala
- banja la a Phiri lonse la pa tchati, bambo, mayi ndi ana

Zasiya chithunzi cha mbuzi chokha. Kaya ndi ulemu.

A Hedi, osaseka n'komwe: "Musataye mtima Madamu, mbuzinso n'zopezeka m'dera mwathu."

Kasitolo ndinaikamo mabotolo opanda kanthu ndi timapaketi ta sopo. Pofika masana katundu yense wagulidwa ndipo wapita kumakomo. Botolo lopanda kanthu kuno si chidole, ndi loikamo mafuta ophikira. Zimenezi bukuli silikunena.

Lachinayi

Ndisanayambe n'komwe, afika bambo ake a Asiyatu, kamtsikana kanga kanzeru kaja. Apereka moni wautali, afunsa za kunyumba, za thupi, za dzuwa. Kenako: "Madamu, mwana ndinamutumiza kudzaphunzira. Zosewera kunyanja ziliko zambiri, zaulere. Komanso usipa wanga ukuchepa pa thandala loyanikira, akuti mukuufuna ndinu." Manyazi ake! Ndiye kuti pa doko ponse ndikudziwika kuti ndine Madamu wodya usipa wa ana.

Tsopano za mafunso. "Ana inu, funsani chilichonse chomwe mukufuna kudziwa." Zii. Nanga afunse bwanji? Kunyumba mwana wofunsafunsa akuluakulu ndi wamwano. Ku madrasa amabwereza, ku Sande sukulu amabwereza, lero Madamu wadzuka ndi zakezake. Ndadikira mpaka thukuta. Dzanja limodzi lokha lakwera: "Madamu, phala lero liliko?"

Basi, ndaganiza zowathandiza. Ndapeka ndekha funso labwino la sayansi: n'chifukwa chiyani nsomba simira? Ndam'patsa Asiyatu kuti ndiye adzafunse mawa. Ndam'bwerezetsa kambirimbiri, anzake onse akumvetsera. Ndam'langiza kuti, "Udzafunse ngati wangoganiza wekha." Kubera? Ayi. Kukonzekera.

Ndayeseranso kuyankhula pang'ono. Ndakhala chete kanthawi ndithu, manja kumbuyo, kumwetulira monga buku likunenera. Ana achita mantha, wina wayamba kulira, ndipo a Hedi atuluka mu ofesi kudzandifunsa ngati ndadwala malungo.

Lachisanu

Galimoto yoyera. Mayi wachitsikana, chipewa chachikulu, botolo la madzi, tabuleti m'manja. Ayambira kwa a Jafali, ndipo sachedwako. Eya!

Kwanga tsopano. Magulu akhala bwino, mbuzi ndaziikira alonda, chitenje changa n'cha kutchalitchi. Ndikumwetulira. "Ana inu, alipo amene ali ndi funso?"

Kalasi yonse yaimirira. Yonse! Manja apinda pachifuwa, ndipo mwanyimbo, liwu limodzi: "Ma-da-mu! N'chi-fu-kwa chi-ya-ni nso-mba si-mi-ra! Ta-ngo-ga-ni-za to-kha!"

Ndatha ine. Nthaka ing'ambike ndilowe. Mayi uja akulemba chinachake pa tabuleti, a Hedi akuyang'ana nsapato zawo.

Ndisanapume, mfuu kudoko. Mabwato omwe anachedwa panyanja akocheza, ndipo adzaza usipa. Mwana wa kuno akamva mfuu imeneyo safunsa chilolezo, chifukwa wothandiza kuyanika amapatsidwa wake wa ndiwo. Kuphethira kamodzi, pansi pa mlambe patsala masilipasi ndi ine.

Ndikuthamanga pambuyo pawo ndi rula. Mayi wa kafukufuku pambuyo panga ndi chipewa m'manja. A Hedi pambuyo pake ndi jekete.

Kudoko ana anga ali kalikiliki. Ena akusankha nsomba, utaka uku usipa uko. Ena akuyala pa thandala. Asiyatu akukangana ndi mnyamata wa bwato za kukula kwa mulu wake, manja m'chiuno. Ine ndikufuna kukalipa kuti aliyense abwerere msanga, koma mpweya wandithera, ndangoima kukamwa kuli yasa.

Mayi uja, maso akuwala: "Taonani! Mphunzitsi ali chete, ana akutsogolera okha! Magulu! Zipangizo za m'dera! Izi ndakhala ndikuzisakasaka boma lonse lino!"

Akujambula. Akundigwira chanza ndi manja awiri. Akundifunsa kuti phunziroli ndinalikonza bwanji, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndikuyankha kuti zimafuna kuleza mtima.

Chipinda n'changa! Ndayamba kale kuganiza khoma lomwe ndikhomepo matchati.

Loweruka

A Hedi afika kunyumba ndili pakati pochapa. Avula chipewa. Akakuvulira chipewa a Hedi, dziwa kuti pali maliro.

Akuti mlendo wakondwa kwambiri. Kalasi yanga yasankhidwa kukhala chitsanzo cha kuphunzira panja. Ndiye kuti kafukufuku ayende bwino, pasasinthe kanthu kalikonse: ana akhale pomwe anawapeza, mphunzitsi yemweyo, mtengo womwewo, mpaka chaka chithe. Koma pakufunikanso gulu lina loyerekeza nalo, la ana ophunzira m'nyumba, ndi njira zachikale, kwa mphunzitsi amene sanasinthe chilichonse.

Kiyi apereka dzulo lomwelo kwa a Jafali.

"Ndi sayansi, Madamu."

Ndikufunsa za mvula. Akuti ndiziilemba ikagwa, nayonso ilowa m'kafukufuku.

Ndawauza kuti zonse zija zinali ngozi, ana anangothawa, ine ndinangobanika. A Hedi akuyang'ana uku ndi uku. "Madamu, mawu amenewo athere pa beseni pomwepa. Zithunzi zapita kale kwa akuluakulu."

Ndachapa malaya amodzi mpaka kolala yang'ambika. Zikundipweteka, ndisaname. Ndikanangogona ngati a Jafali ku maphunziro aja bwenzi lero ndili pa simenti.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi akundiyamikira, akuti amva zoti ndapambana. Ndikuyankha kuti ndi chisomo.

Pobwerera ndakumana ndi a Jafali akuchokera kokasesa chipinda chawo, kiyi ali pachingwe m'khosi. Aulemu ngati kale. "Madamu, bolodi lanu likamanyowa muzibwera nalo, kuseri kwa chitseko kuli malo." Ndathokoza. Nanga n'kutani?

Zofunika sabata ino:
- pulasitiki wamkulu
- chipewa ngati cha mayi uja
- kupepesa bambo ake a Asiyatu, chifukwa usipa uzifunika mlungu uliwonse tsopano

Madzulo ano a Hedi atumiza uthenga wina. Loweruka likubwerali aphunzitsi a zoni yonse abwera kuno kuti ndidzawaphunzitse ubwino wophunzitsira ana panja. Ndafunsa ngati ndikonze malo pansi pa mlambe.

Akuti ayi, tikabwereke chipinda kwa a Jafali. Anthu akuluakulu sangakhale padzuwa.