Ine ndi Mfuko ya Kuseri kwa Nyumba

Lolemba

Karoti zikusowa. Masamba ali chilili, obiriwira bwinobwino, koma ukakoka umangotsala ndi kamtolo ka masamba m'manja. Pansi palibe kanthu. Milu ya dothi lofewa mbali zonse. Mfuko!

Ndipo yasankha sabata yake. Lamulungu likudzali ndi la masika ku tchalitchi, banja lililonse kukapereka zokolola. Atate pondipatsa kamunda aka ananeneratu: "Ukapita kutsogolo ndi dengu lodzaza, munda ndi wako. Likakhala lopanda kanthu, ukwera galimoto ya ku Vubwi, ukathandize amalume ako kuyeza soya." Ine, ndi digiri yanga ya zaulimi, kumakangana ndi anthu pa sikelo!

Amayi akuti tikagule mankhwala pa Katete. Ndakana. Uno ndi munda wopanda poizoni, ndipo kusintha kwa ulimi wa dera lino kuyambira pompano. Posachedwa anthu azichoka ku Sinda pa njinga kudzaphunzira.

Zofunika:
mabotolo
phokoso
kusamvera amayi

Lachiwiri

Mabotolo ndawakwirira, milomo kumwamba. Mphepo ikamaomba azilira, mfuko ichite mantha, isamuke. Sayansi yake ndi yosavuta.

Mphepo yakana. Mwezi wonse yakhala ikutigwetsera zovala pa chingwe, lero zii.

Ndagwada, ndikuuzira ndekha, botolo ndi botolo. Tsidya la mpanda kuli a Sakala, oyandikana nafe, amene chiyambire chaka sanagwirepo khasu. Ali pa mpando wawo pansi pa mtengo wa mango, monga mwa masiku onse. "A Digiri, nyimbo imeneyo ndi nambala chani? Tiyimbe nawo."

Mutu ukuzungulira. Mzere wa mbatata wapita.

Lachitatu

Phokoso lenileni tsopano. Wayilesi ya atate, ndaikulunga m'pulasitiki, ndailowetsa mu una, ndatsegula mpaka kumapeto, ndafotsera.

Sindinaganize za pulogalamu. Ndi nthawi ya mauthenga a maliro.

Munda wonse ukutchula mayina a omwalira kuchokera pansi. Amayi ena ochokera ku mjigo atula ndowa pamsewu n'kuliyatsa liwiro. Pofika masana mudzi wonse wamva kuti kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi, atate angawo, akufa akuitanana. Mkulu wa mpingo wabwera ndi Baibulo kukhwapa. Ndamufotokozera za kunjenjemera kwa nthaka ndi makutu a mfuko. Wamvetsera mwaulemu, kenako wandipempherera ineyo.

Madzulo, mulu watsopano pambali penipeni pa wayilesi. Inabwera kudzamvera!

Atate akufunafuna wayilesi yawo nyumba yonse. Ndikuwathandiza kufuna.

Lachinayi

Utsi wa tsabola. Tsabola si poizoni, timadya. Ndowe zouma, kambuzi wodzaza manja, moto pakamwa pa una, ine kupemerera ndi chivindikiro cha poto. Utsi walowa bwino kwambiri. Kwa nthawi yoyamba sabata ino ndamva kuti sukulu sinapite pachabe.

Kumene utsi watulukira:
m'khola la nkhuku
pansi pa thandala la mbale
m'chimbudzi, muli atate

Atuluka akutsokomola, misozi chuchuchu, lamba m'manja. Ndimayesa andikalipira. Angomanga lamba wawo. "Ku Vubwi kumazizira m'mawa. Udzatenge juzi."

Nkhuku sizikundiyandikira. Ndatchera khutu pansi: mfuko sinatsokomole n'kamodzi komwe.

Lachisanu

Madzi. Mjigo, munda, mjigo, munda, mpaka msana kuuma. Una ukungomeza, osabweza ngakhale thovu. Kaya akupita kuti.

Popuma ndawerenga pa foni: mfuko siidya zonse nthawi imodzi, zina imatuta n'kusunga m'nkhokwe yake pansi. Ndiye kuti karoti zanga zilipo! Zili penapake, zosanjidwa bwino, zikundidikira. Kanyama kosaona bwino, kosapita kusukulu, kali ndi nkhokwe. Ine ndilibe.

Ndakumba pakati. Ndakumba m'mbali. Ndakumba pamene panali mabotolo, ndadzicheka chala. Wayilesi ndaipeza, ikulankhula ngati munthu wachimfine. Nkhokwe ayi. Anyezi amene mfuko inawanyoza ndawazula ndekha pokumba.

Amayi aima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno. "Mwanawe, mfuko ija inkatisiyirako masamba."

Loweruka

Zapezeka!

Osati kwathu.

Madzi anga aja adutsa pansi pa mpanda n'kukafewetsa nthaka ya pansi pa mango. M'mawa a Sakala akuti akhale, mwendo wa mpando walowa pansi, iwo chagada, miyendo m'mwamba. Podzuka akuona chinthu chofiirira m'dzenjemo. Ayamba kufukula ndi manja, koyamba kugwira dothi chaka chino. Karoti. Mbatata. Karoti zina. Dengu tho!

Ndalumpha mpanda. Ndi zanga izo, ndinafesa ndine, ndinathirira ndine, ndikuzidziwa ndi nkhope zomwe!

A Sakala osatekeseka. "A Digiri, chiyambire makolo za mu una ndi za wokumba. Munamvapo mwini munda akulanda mbewa kwa amene wakumba?"

Ndayang'ana atate kuti andiikire kumbuyo. Maso awo akadali psuu ndi tsabola uja. "Lamulo ndi lomwelo."

Ndafotokoza kuti mbewa sizifesedwa. Palibe wandimva. Ndapempha theka. Andipatsa karoti imodzi, yolumidwa kumchira.

Mfuko yeniyeniyo palibe waiona. Sabata yonse tikulimbana, sitinaonanepo.

Lamulungu

A Sakala avala jekete. Dengu paphewa, akuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Abusa atola karoti yaikulu, ainyamula m'mwamba. Ndi ya mzere wa pafupi ndi mpanda, ndikuikumbukira.

"Taonani, abale! Popanda mankhwala alionse!"

Awafunsa chinsinsi chake. A Sakala atsokomola pang'ono. "Kudekha, abusa. Ine ndimangokhala pansi."

Mpingo wonse: "Ameni!"

Abusa akuti achinyamata ophunzira azipita kwa a Sakala kukatola nzeru. Ponena zimenezi akuyang'ana benchi yathu. Ine ndapita kutsogolo ndi karoti yanga yolumidwa, ndaiika pamphepete pa tebulo. Amayi akuwerenga malata a padenga. Potuluka, alendo ena a ku Sinda andifunsa njira ya kwa a Sakala. Ndawalozera. Anabwera pa njinga.

Chikwama ndalongedza, juzi pamwamba. Ndapita kukatsazika munda. Mulu watsopano pakati penipeni, dothi lofewa, lopanda chibuluma n'chimodzi chomwe. Amayi akuti nthaka yatipulidwa bwino, mawa afesapo mpiru.

Ndaimbira foni amalume, kufunsa ngati ku Vubwi kuli mfuko.

"Zilipo zambiri, mphwanga, zonona. Ubwere ndi mchere."