Njuchi za Pakhosi pa Nangondo

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo amene mwayamba kale kuseka kumbuyoko dikirani, nkhaniyi ikukathera kumanda.

Kunali bambo wina dzina lake Dzoole, munthu wodziyesa wodziwa zonse, woti ngakhale atasochera sangafunse njira. Mkazi wake, Nangondo, analowa sukulu ya kwacha kuti aphunzire Chingerezi, poti ku esiteti ya tiyi ankafuna wophika wochimva.

Tsiku lina masana Dzoole anadutsa pa kachalitchi komwe amayiwo ankaphunzirira, nasuzumira pawindo. Tsitsi linamuimirira. Amayi onse anali atatsinzina, aliyense atadzigwira pakhosi. Kenaka onse pamodzi: "Sssss," ngati njoka mu udzu wouma. Kenaka: "Zzzzz."

Inu a pasukulu mukudziwa kuti panalibe chachilendo. Mphunzitsi ankawaonetsa kuti potchula z kapena v pakhosi pamanjenjemera, koma potchula s kapena f pamangokhala bata. Dzoole izi sankazidziwa, ndipo kufunsa ankakuyesa kudzitsitsa.

Kunyumba Nangondo anapitiriza, dzanja pakhosi, m'mawa ndi madzulo. Anansi atayamba kumuseka, ankakayeserera kumunda kwawo, komwe kunachita malire ndi manda.

Dzoole anamulondola, nabisala kuseri kwa chulu. Dzuwa linali paliwombo, mphepo kulibe, ngakhale mbalame zinali zii. Nangondo anatsinzina nati, "Zzzzz." Ndiye mkati mwa nkhalango ya manda, mumtengo wa mphako, china chake chinayankha: zzzzzz.

"Mayo ine!" ananong'ona Dzoole. "Akufa akundilanda mkazi ndikuona."

Kunena zoona, mkaziyo ankamukonda, ndipo apa ine ndimamumvera chisoni. Anaganiza kuti chizimba chili m'mphakomo, ndipo akachidya iye, Nangondo amasuka. M'mawa mwake analowa kumanda, malo oti munthu salowa popanda chilolezo. Anadumpha mitumbira, napisa dzanja m'mphako. Munali njuchi, koma uchi sanaupeze. Anatulutsa phula lakuda, nayamba kutafuna, njuchi zikumuluma m'zikope ndi m'milomo. Sanalavule.

Adzukulu amene anabwera kudzakumba manda a munthu wina anamupeza atakhala pamtumbira, nkhope ili ngati dzungu, akutafuna.

"Mfiti! Masanasana ano!" anakuwa wamkulu wawo. "Ukudya ndani?"

Dzoole anafuna kuyankha, koma phula linali litamata mano. Anangoti, "Mmmm."

Makasu anakwera m'mwamba. Mwamwayi Nangondo anamva phokosolo ali kumunda, nathamanga.

"Musaphe! Ndi abambo akunyumba amenewo!"

Anamukokera kunja kwa manda n'kumupala m'kamwa ndi kamtengo. Lilime litamasuka, Dzoole analira ngati mwana.

"Ndimati ndikuchotse njuchi za akufa pakhosi, Nangondo."

Nangondo anakhala pansi, osadziwa kuti aseke kapena alire.

"Njuchi? Bambo, ndi Chingerezi chija! Mphasa timagonera imodzi, pakamwa muli napo. Chinakuvutani n'chiyani kundifunsa?"

Amfumu anamulipiritsa Dzoole mbuzi chifukwa cholowa kumanda, koma mbuzi sifufuta mbiri. Nangondo ntchito ija anaipeza. Dzoole yekha, mpaka imvi, palibe amene ankamulandira chakudya m'manja, ndipo ana akamuona ankathawira m'nyumba. Mlendo akafunsa kuti mkulu uyu analakwanji, anthu ankangopukusa mutu n'kunena kuti: "Safunsa anadya phula."