Mkono wa Esinati ndi khungu la dowe

Dzana mwana wa mlongo wanga, amene ndi namwino, anandionetsa pa foni madokotala akunja akumata khungu la nsomba pa munthu wopsa ndi moto. Akuti muli zinazake zotchedwa kolajeni, zimene zimameretsa khungu latsopano. Kakhungu kake kopyapyala ngati pepala lopichirira fodya! Ine ndinaseka, pokumbukira chikhungu chimene ndinamata pa mkono wa malemu mkazi wanga Esinati ku Nyachikadza. Wokayika atuluke panopa, asadzandidule pakati.

Chinali chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, ine nditangobwerako ku Joni kumene ndinakamerera imvi. Esinati akuwamba nsomba anaterereka n'kugwera pamakala, mkono wamanja n'kupsa kuyambira paphewa mpaka kuzala. Shire anali atasefukira. Wachipatala wina amene madzi anamutsekera m'mudzi mwathu anauyang'ana n'kunena kuti tikakafika ku boma akaudula.

"Nkhabe, ndakana!" anatero Esinati. "Inu abambo, zaka zonsezi muli kunja ndakulimirani ndi mkono umenewu, lero muulole udulidwe?"

Ndinalumphira mu mwadiya, bwato langa la mtengo, n'kupalasa mwaukali moti Shire anachita mantha n'kubwerera cham'mbuyo mpaka ku Kasisi, mvuu zikugubuduzika, ine n'kutsala pamatope, pomwepo ndinagwira nsomba ya dowe yaitali moti mutu uli m'manja mwanga mchira unali ku Mozambiki ukufunsidwa chiphaso, ndipo ndinaivula khungu ili yamoyo monga muvulira sokosi, iyo n'kuthawa yamaliseche ikubisa nkhope. Mukumva? Khungulo ndinauveka mkono ngati dzanja la jekete, ndipo madzi a tiyi asanawire linali litagwirana ndi mnofu, bala osaonekanso. Wachipatala uja anapempha mpando.

Koma Joni anandiiwalitsa chinthu chimene aliyense kwathu amadziwa: dowe amagona m'matope chilimwe chonse. Madzi ataphwa, mkono unagona. Tulo tenitenitu, mkonono ukumveka mpaka m'tchalitchi, abusa akudzudzula anthu osalakwa. Ine, munthu wa sekondale, ndinagwira munsi n'kumasinja mapira, akazi a m'mudzi akubwera ndi mphasa kudzaonerera.

Mvula yoyamba itagwa, eee! Mkono unadzuka ndi njala ya ntchito, unatola khasu n'kulima munda wathu, wa alamu anga, bwalo la mpira, n'kulowa mumsewu wa ku Mbenje ukupanga mizere, Esinati akukokeka pambuyo akukuwa kuti "Abambo, ndigwireni!", koma ugwira bwanji mkono woterera ngati therere, umene unamenya ng'ona khofi mpaka ng'onayo n'kusiya nyama n'kuyamba kudya nyika, timbatata ta m'madzi? Mulungu ndi mboni. Palibe anathanso kumupatsa moni wa m'manja Esinati. Ine ndekha mkonowo unkandigwira, ndipo ndikangotchula za basi ya ku Joni unkandifinya mpaka ndisinthe nkhani. Sindinachokenso.

Sunadulidwe. Tinamuika Esinati ndi mikono yake yonse, m'chilimwe, uwo uli m'tulo. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa ndimakakhala kumanda ndi khasu lake, kudikira kuti dothi ligwedezeke. Chaka chinonso mkonowo sunadzuke. Waulesi ayi, wangotopa.

Ndiye wina mwa inu atenge cholembera, maso angawa atha. Lembani zonse monga ndanenera, dowe musamufupikitse. Ndipo mitambo ikayamba kuda ine kulibe, wina azikasiyako khasulo.