Tsiku Limene Ndinagwadira Foni ku Welshpool

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndikanakonda kufa nayo. Koma poti a Tembo anaifalitsa kale kwa Mmalawi aliyense wa mu Perth, bola ndiifotokoze ndekha asanaithirenso mchere wina.

Inali nthawi ya korona. Ndinali nditangomaliza digiri, ndapatsidwa viza ija yolola munthu kugwira ntchito akamaliza sukulu, ndipo ndinapeza ntchito mu warehouse ina ku Welshpool, dera lina la mu Perth momwemo. Moyo unkakoma ndithu. Ndinachoka m'kachipinda ka ana asukulu n'kulowa nyumba yabwinoko ndi anzanga awiri, pasipoti yatsopano nayo inali itafika.

A Tembo ndi bambo wa ku Chipata, woyendetsa forklift, kagalimoto konyamulira katundu, pantchito pathupo. Anakhalitsa kuno, ndiye malamulo onse amati ali m'mutu mwawo.

"Iwe Yami, manje wasamuka nyumba, wabauza ba immigration?"

"Ndiwauza, bambo."

"Na passport yanyowani?"

"Ndiwauza zonse pamodzi."

"Viza iyi ili na malamulo, mufana. Chikasintha chinthu, ubauze. Ukachedwa uzabwelela ku Lilongwe na chikwama chimozi chabe!"

Ndinavomera mwaulemu, koma osachita. Ine ndikamva mawu oti fomu, thupi lonse limalefuka. Mawa, mawa, mpaka mwezi unatha. Komatu mantha okha ndinali nawo, chifukwa viza imeneyi ndi imene inandisunga kuno, ndipo kwathu anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wayamba ntchito kunja.

Lolemba lina chakummawa, ndikumanga makatoni, foni inalira. Nambala yosaoneka. Manja anali m'magolovesi, ndiye ndinangodina speaker.

Anali mayi wa mawu ofatsa. Anatchula dzina langa lonse, ngakhale lapakati lija limene amatchula mayi anga okha ndikalakwa, n'kunena kuti akuimba kuchokera ku boma. Ananenanso zina, koma makutu anga anali atatseka kale. Kwathu boma siliimbira munthu kuti limufunse ngati wadzuka bwino. Boma likakufuna, ndiye kuti wapalamula, ndipo munthu woleredwa bwino amayamba ndi kupepesa asanauzidwe mlandu.

Ndinavula chipewa. Ndinavula magolovesi. Foni ndinaigwira ndi manja awiri.

"Loweruka masana munali kuti?" anafunsa mayiwo m'Chingerezi.

"Kumsika ku Fremantle, madam."

"Eya, tikudziwa."

Akudziwa! Ndiye kuti akhala akunditsatira! Ndinangozindikira ndagwada pa pallet, thabwa losanjikapo makatoni.

"Mukukhalabe ku adiresi imene tili nayoyi?"

Basi, apa ndiye ndinamasula zonse. "Ayi madam, ndinasamuka, ndalakwa, very sorry! Ndimafuna kukuuzani koma ntchito inachuluka. Pasipoti nayo ndinasintha, sindinanene. Ndipo chaka chatha ndinajomba kalasi kawiri, koma ulendo umodzi kunali mvula."

Forklift ya a Tembo inazima kumbuyo kwanga.

"Chabwino," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Kunyumba yatsopanoyo mumakhala ndi ndani?"

Ndinawatchula anzanga onse awiri, mayina ndi ntchito zawo. Ndinawonjeza kuti iwo ndi osalakwa, wolakwa ndine. Lero ndikaganiza, ndikanakhala m'gulu la akuba bwenzi tonse titamangidwa tsiku loyamba.

"Nanga panopa mukumva bwanji m'thupi? Mukutentha?"

Ndinadabwa kuti boma la kuno ndi lachifundo chotere, likuthamangitsa munthu koma likumufunsanso za moyo. Ndinayankha zoona zokhazokha.

"Kwambiri, madam. Thukuta lili kamukamu."

"Kupuma?"

"Kukuvuta."

"Kukhosi?"

"Kwauma gwa!"

"Zayamba liti?"

"Pompano, madam, koma zikukulirakulira."

Mawu awo anasintha. Anati ndisayandikire munthu aliyense, ndivale mask, ndichoke pantchito nthawi yomweyo. Ine ndinati basi, ndege yandipeza.

"Madam, chonde, ndipatseniko sabata imodzi ndilongedze katundu. Ndikatsanzikenso kutchalitchi."

"Mulongedze kupita kuti?"

"Ku Malawi."

"Bambo," anatero, ndipo ndinamva kuti akulimbana ndi chiseko, "ine ndine wa zaumoyo. Munasikana QR code pakhomo la msika Loweruka, ndipo munthu wina amene anali momwemo wapezeka ndi korona. Za viza yanu ine sindikuzidziwa, mwandiuza nokha."

Ndinacheuka. A Tembo anali atagona pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka. Azungu awiri a ku dispatch anaima chapatali, akuyang'ana munthu wogwada pa pallet, chipewa kukhwapa, akupepesa foni.

"Nyamuka iwe!" anakuwa a Tembo, misozi ili mbwembwembwe. "Sibakuona!"

Mayi aja sanathere pomwepo. Poti ndinali nditanena ndekha, ndi pakamwa panga, kuti ndikutentha ndiponso kupuma kukuvuta, anati ndikayezetse tsiku lomwelo kenako ndikadzitsekere m'nyumba masabata awiri. Ndinayesa kufotokoza kuti matendawo anali mantha chabe ndipo atha. Anati zalembedwa kale.

Anzanga awiri aja nawo anaimbiridwa foni, poti ndinawapereka ndi manja awiri. Anakhala kwaokha mpaka zotsatira zanga zitatuluka, ndipo masiku amenewo chakudya ankandisiyira pakhomo osandiyankhula. Korona sanandipeze nayo.

Koma mawu omaliza a mayi aja ndi amene a Tembo amawabwereza paliponse pamene Amalawi ndi a ku Zambia akumana. Asanadule foni anati: "Ndipatseni adiresi yatsopanoyo. Ndipo poti mukhala pakhomo masabata awiri, mwina mupeza kampata kowauza a immigration aja."

Kampatako ndinakapeza madzulo omwewo. Ndinatsegula laputopu, ndinalemba adiresi, ndinaika nambala ya pasipoti. Tiyi amene ndinathira poyamba anali asanazizire n'komwe pamene ndinkamaliza. Palibe anandikalipira, palibe ananditumizira ndege, viza ili bwinobwino mpaka lero. Masiku khumi ndi atatu otsalawo ndinangokhala pawindo, kuwerenga mabasi.

Boma likakuimbirani, musanagwade yambani mwafunsa kuti ndi boma la mbali iti.